Mwala wofiira suli rubi nthawi zonse: momwe amisiri a mphete amagulira miyala

Kuchokera mu 2009, pomwe miyala ya rubi inapezeka ku Namanhumbir m'boma la Montepuez, chigawo cha Cabo Delgado, dziko la Mozambique lili m'gulu la mayiko otsogola pa malonda a mwala wofiirawu. Kampani ya Gemfields inagulitsa rubi wa ku Montepuez pa okushoni yake yoyamba mu 2014 ku Singapore. Koma mmisiri wosula mphete kapena ndolo, kaya ali ku Maputo kaya ku London, sagula ku okushoni. Iye amafuna mwala umodzi kapena iwiri, ndipo ulendo wa mwalawo umakhala wautali.

Wambiri mwa rubi wathu amatuluka m'dziko muno asanasemedwe. Amapita ku Thailand, makamaka ku Bangkok ndi Chanthaburi, komwe amamusema ndi kumusalalitsa. Pomafika m'manja mwa mmisiri, mwala wadutsa kwa amalonda angapo, aliyense ataikapo phindu lake.

Kulemera kwa mwala kumayezedwa m'makarati, ndipo makarati 5 ndiwo galamu imodzi. Posema, gawo lalikulu limatayika. Rubi wotchedwa Estrela de Fura, yemwe anakumbidwa ku Montepuez mu 2022, ankalemera makarati 101. Atasemedwa anatsala 55,22. Anagulitsidwa ku New York mu 2023 pa madola 34,8 miliyoni. Miyala ngati imeneyi ndi yosowa kwambiri, ngakhale nkhani yake ndiyo imasokoneza mitu ya achinyamata ambiri opita kukakumba.

Funso lalikulu kwa wogula ndi lakuti: kodi mwalawu auchita chiyani? Rubi wambiri pamsika amakhala atawotchedwa m'ng'anjo kuti mtundu wake uwale bwino. Amalonda amavomereza zimenezi bola wogulitsa anene, chifukwa mwala wosawotchedwa umadula kwambiri kuposa wowotchedwa. Vuto lenileni ndi rubi wodzaza ming'alu yemwe amamuthira galasi losakaniza ndi mtovu kuti ming'aluyo isaoneke. Pamaso amakongola ndithu. Koma mmisiri akamuyandikiza ku moto wowotcherera golide, kapena akamuviika m'mankhwala otsukira, galasi lija limawonongeka ndipo mwala umaoneka ngati wasweka. Ngakhale madzi a mandimu amatha kuudya. Apa mmisiri amataya mwala, ndalama komanso kasitomala.

N'chifukwa chake wogula wodziwa ntchito amayenda ndi kagalasi kokulitsa zinthu ka 10. Akaona timathovu ta mpweya m'kati mwa mwala, amakayikira galasi. Akaona timizere tokhota ngati uta, amaganiza za rubi wopangidwa m'fakitale, yemwe wakhala pamsika kwa zaka zoposa 100. Mwala woyera mopanda kachitsotso kalikonse, pa mtengo wotsika, ndi wofunika kuuopa osati kuusangalalira.

Palinso ganeti, mwala wofiira womwe umakumbidwa ku Cuamba m'chigawo cha Niassa. Ndi mwala wabwino payekha, koma si rubi. Pa muyeso wa Mohs rubi amalimba kufika pa 9, ganeti amalekeza pafupi ndi 7,5, ndipo mitengo yake ndi yotalikirana.

Pa mwala wa ndalama zambiri, maso okha sakwanira. Ogula amafuna chikalata cha labotale yodziwika, monga GIA ya ku America kapena Gübelin ndi SSEF za ku Switzerland, chonena mtundu wa mwala, ngati unawotchedwa, ndipo nthawi zina dziko lomwe unachokera. Miyala ya tumalini yobiriwira mowala ya ku Mavuco, m'chigawo cha Nampula, imagulitsidwa pa dzina la Paraíba, dera la ku Brazil komwe mtunduwu unayamba kupezeka, ndipo ndi labotale yomwe imatsimikiza kuti muli kopa m'mwalamo.

Mbali ya malamulo nayo siyenera kuiwalika. Kuno ku Mozambique kugula ndi kugulitsa miyala yamtengo wapatali kumafuna chiphaso cha boma. Wogula m'tchire kwa garimpeiro wopanda chilolezo atha kulandidwa katundu yense pamsewu, ndipo mwala wopanda mapepala ndi wovuta kuugulitsa kwa makampani akuluakulu akunja, omwe masiku ano amafunsa mgodi womwe unachokera.