KUKUMBA NSHAWA KWA SHIKABETA

Lero tikambirane za nshawa, zimene ena amati mtedza, ndipo anzathu a Cibemba amati mbalala. Ambiri a ife timazigula pa msika ziri zoswa kale, koma ubwino wace kapena kuipa kwace kumacitika kutali, m'masabata owerengeka a kukumba ndi kuyanika.

Tiyeni tipite kwa Mfumu Shikabeta, m'dziko la Asoli, m'boma la Rufunsa kum'mawa kwa Lusaka. Kumeneko mabanja ambiri amalima ndi khasu, ndipo pokolola makina ao ndiwo manja. Nshawa ndi mbeu yodabwitsa: duwa lace limamasula pamwamba, kenaka kamphukira kamatsika kuloŵa m'nthaka, ndipo m'menemo ndimo cipatso cimakulira. Cotero mlimi sangathe kuona ndi maso ngati zakhwima. Masamba amanyenga, pakuti nthenda ya maŵanga imawayoyola nshawa zisanakhwime. Mlimi wanzeru amazula mapando angapo uku ndi uku m'munda, naswa makoko. Akapeza kuti m'kati mwa makoko ambiri mwada, nthawi yakwana. M'kati mukali moyera, ayembekeze.

Mitundu imasiyana. Chalimbana, ya maso akuru-akuru ija, imene dzina lace ndi la malo a kufupi ndi Chongwe, imafuna miyezi isanu kapena kupitirira pang'ono. Yobzalidwa mu December imakumbidwa ca mu May. MGV4 yocokera ku Msekera, ku Chipata, imafulumirako. Wokumba msanga amapeza mphwephwa ndi maso ofwapa, opepuka pa sikelo. Wocedwa amapeza nthaka itauma gwa, timphukira taduka, theka la dzinthu latsala pansi kudyedwa ndi ciswe ndi mbeŵa. Khasu liloŵe pansi pa phando, osati pambali, cifukwa khoko lotemedwa ndilo khomo la cuku.

Pa cuku pamenepa ndifuna ticedwepo. M'caka ca 1960 ku England kunafa nkhukundembo zokwana ngati 100,000 zitadya cakudya copangidwa ndi nshawa zocokera ku Brazil. Akatswiri atafufuza anapeza ululu umene cuku ca mtundu wina cimapanga, nautcha aflatoxin. Ululu umenewu sutha ndi kukazinga kapena kuphika. Munthu akamaudya pang'ono-pang'ono kwa zaka, umaononga ciŵindi, ngakhale kuyambitsa khansa, ndipo ana oudya kaŵiri-kaŵiri amapinimbira. Cuku cimeneci cimakhala m'nthaka momwemo, ndipo cimakonda cinyontho ndi kutentha.

Ncifukwa cace kuyanika kuli nchito yaikuru kuposa kukumba. Mapando akazulidwa ndi kukutumulidwa dothi, atembenuzidwe kuti nshawa ziyang'ane kumwamba, masamba ali pansi. Kuziunjika mulu ziri zaziŵisi ndiko kuziphika ndi thukuta lace lomwe. Pakapita masiku, banja lonse limakhala pansi kuthothola, agogo ndi adzukulu omwe, ndipo apa ndipo nkhani za m'mudzi zimaphikidwa. Zothotholazo ziyanikidwe pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi, kufikira khoko likamalira pogwedeza. Masangwi asatenthedwe, mbuzi ndi ng'ombe zimawakonda, ndipo otsala amabwezera conde m'munda.

Pali cizoloŵezi cimodzi cimene ine sindingacilekerere, ngakhale ndidziŵa cifukwa cace. Kuswa nshawa zouma ndi zala kumapweteka, ndipo thumba limodzi limatha masiku. Tsono ena amawaza madzi pa makoko kuti afeŵe, ndipo ena amatero kuti zilemere pogulitsa. Madzi amenewo amafafaniza nchito yonse ya dzuŵa, cuku nkuyamba m'thumba. Kuli bwino kusunga nshawa m'makoko mwace, m'nkhokwe youma kapena m'matumba osanjikidwa pa mitengo, ndi kuswa zokhazo zimene zifunika.

Coipa cina cimacitika pa licero. Mai amasankha zabwino kuti akagulitse kwa ogula a pa mseu wa Great East, ndipo zofwapa, zosweka ndi zoŵaŵa amazisinja nsinjiro zotendera ndiwo ndi kuthira m'phala la mwana. Taonani, zoipitsitsa zija zapita kwa wamng'ono wa onse. Nshawa zotere zitayidwe, ndipo nkhuku zomwe zisapatsidwe.

Inu a m'tauni, pogula lumani diso limodzi: louma bwino limathyoka msanga, lonyowa limafeŵa pa mano, ndipo loŵaŵa mulilabvule. Ndipo inu amene mumatumiza ndalama kumudzi, zifike mu April, pamene makolo afuna aganyu okumba, mphasa ndi matumba atsopano. Zikafika mu July, nshawa zidzakhala ziri kale m'nkhokwe, zouma kapena zonyowa.