Maphunziro oyeserera a atsogoleri a ozimitsa moto

Maphunziro oyeserera ndi njira yophunzitsira atsogoleri a ozimitsa moto kuganiza ndi kulamula mwachangu pa nthawi ya ngozi, pogwiritsa ntchito ngozi yongoyerekezera. Mtsogoleri akafika pamene moto wabuka, amayenera kugamula ngati anthu ake alowe m'nyumbamo kapena athire madzi ali panja, asanadziwe n'komwe ngati muli munthu. Akalakwitsa, anthu amafa. Poyeserera, angathe kulakwitsa n'kuyambiranso.

Chiyambi chake

M'zaka za m'ma 1980, Gary Klein, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, anafufuza mmene atsogoleriwa amasankhira chochita. Anapeza kuti okhwima pa ntchito sataya nthawi kuyerekeza njira zingapo. Amazindikira kuti motowo ukufanana ndi wina umene anakumana nawo kale, n'kutsata njira yoyamba imene akuona kuti ithandiza.

M'buku lake la 1998, Sources of Power, Klein anafotokoza za mtsogoleri wina amene ankazimitsa moto wooneka ngati wa kukhitchini. Madzi sankaphula kanthu, m'chipindamo munkatentha mopitirira muyeso, komanso munali zii. Iye analamula kuti onse atuluke, ndipo atangotuluka pansi panagumuka. Moto weniweni unali m'chipinda cha pansi pa nyumbayo. Luso lotere limadza munthu akaona ngozi zambiri, koma ngozi zikuluzikulu sizichitika kawirikawiri. Kuyeserera kumatseka mpata umenewu.

Mmene amaphunzitsira

Ena amangokambirana pa tebulo ali ndi mapu. Ena amagwiritsa ntchito kompyuta, monga pulogalamu ya XVR ya ku Netherlands: wophunzira amaona nyumba ikuyaka, amalamula pa wailesi, ndipo mphunzitsi amakuza kapena kuchepetsa motowo malinga ndi malamulowo. Sukulu ya Fire Service College ku Moreton-in-Marsh, m'dziko la England, ili ndi nyumba zimene amaziyatsa dala, ngakhalenso msewu waukulu wongoyeserera wotchedwa M96.

Sabrina Cohen-Hatton ndi anzake a ku Cardiff University anamangirira makamera pa zipewa za atsogoleri, ndipo mu 2015 anaonetsa kuti nthawi zambiri atsogoleriwo akangoona mmene zinthu zilili amayamba kuchitapo kanthu asanakonze dongosolo. Lero ku Britain amaphunzitsidwa kuyamba adzifunsa mafunso atatu: Ndikuchitiranji zimenezi? Ndikuyembekezera kuti chichitike n'chiyani? Kodi phindu lake likulingana ndi chiopsezo?

Vuto la kompyuta ndi lakuti sitentha ndipo siitulutsa utsi, choncho wophunzira sachita mantha ngati ali pa moto weniweni. N'chifukwa chake amaiphatikiza ndi kuyeserera pa moto woyaka.