Kalata Yopanda Dzina: Shariya ndi Kuulula Chinyengo m'Mayunivesite a Boma

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake.

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu akagulitsa mabelo ake ku msika wa Chinkhoma, ndalama zina amapatula kuti alipirire mwana amene ali ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku Zomba. Fizi imeneyi, pamodzi ndi msonkho umene tonse timapereka, ndiyo imayendetsa mayunivesite a boma monga UNIMA, MZUNI, LUANAR, MUST, KUHeS ndi MUBAS. Chuma chotere pa Chisilamu ndi amana, ndipo eni ake ndi anthu onse, kuphatikizapo tenanti wa pa esiteti amene sanapondepo pa yunivesite.

Tsono tiyerekeze kuti Msilamu wogwira ntchito mu ofesi ya zachuma waona malisiti a katundu amene sanagulidwe, kapena ma alawansi a ulendo umene sunayendedwe. Kapena wophunzira wauzidwa kuti malikisi ake atuluka pokhapokha apereke ndalama kapena thupi lake. Onsewa akuopa kutchula dzina lawo. Kodi ndi zololedwa kuulula mobisa dzina? Kodi si miseche kapena ukazitape?

Poyamba tidziwe kuti kudya chuma cha anthu pogwiritsa ntchito udindo ndi tchimo lalikulu. Imam Bukhari ndi Imam Muslim adalandira nkhani ya Ibn al-Lutbiyya, amene Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adamutuma kukatolera zakaat. Pobwerako adapatula katundu wina n'kunena kuti ndi mphatso zake. Mtumiki adakwera pa mimbari n'kudzudzula mchitidwewu poyera, ndipo adafotokoza kuti mphatsozo sakadazilandira akadangokhala kunyumba kwa makolo ake. Nkhani yomwe idachitika pakati pa anthu ochepa idafika pagulu chifukwa chumacho chinali cha gulu.

Ena amati Chisilamu chimatilamula kubisa zolakwa za m'bale wathu. Izi n'zoona, koma zili ndi malire. Imam al-Nawawi, mmodzi wa akuluakulu a mazhab ya Shafi'i amene ambiri a ife kuno timatsatira, yemwe adamwalira m'chaka cha 1277, adalongosola pomasulira Sahih Muslim kuti mboni ndi anthu osunga sadaka, wakfu ndi chuma cha ana amasiye sabisiridwa chinyengo chawo pakafunika kuchiulula. Iye adaika zimenezi m'gulu la nasiha yokakamizidwa, osati miseche. Mu Riyadh al-Salihin adatchula malo 6 pamene kunena zoipa za munthu kuli kololedwa, ndipo atatu mwa iwo akukhudza nkhani yathu: kudandaula kwa wolamula ukaponderezedwa, kupempha thandizo pothetsa choipa, ndi kuchenjeza anthu. Mawu omwewo akanenedwa pa bawo kapena mu minibasi ndi miseche. Akaperekedwa kwa amene ali ndi mphamvu yokonza, ndi nasiha.

Nanga kubisa dzina? Qur'an mu Surat Ghafir, ayah 28, ikutiuza za munthu wa kubanja la Farawo amene ankabisa chikhulupiriro chake, komabe adaikira kumbuyo Musa (mtendere ukhale pa iye). Maulama amavomerezanso kuti kuletsa choipa kumayendera mphamvu zimene munthu ali nazo, ndipo sakakamizidwa kudziponya m'chionongeko. Mantha a anthu kuno kwathu ali ndi maziko. Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic amene ankalemba zodzudzula andale, adapezeka atafa pa sukulupo mu September 2011, ndipo komiti yofufuza ya mu 2012 idapeza kuti adachita kuphedwa. Issa Njauju, mmodzi wa akuluakulu a bungwe lothana ndi katangale ndi ziphuphu la ACB, adaphedwa mu July 2015. Woulula wamba mwina sangaope imfa, koma amaopa kuchotsedwa ntchito kapena kulepheretsedwa mayeso pamene makolo ake adagulitsa fodya wa chaka chonse kuti iye aphunzire. Choncho tikuona kuti kubisa dzina n'kololedwa ngati mantha ali enieni.

Komatu fiqh imasiyanitsa khabar, yomwe ndi uthenga, ndi shahada, yomwe ndi umboni wa pabwalo. Qadhi saweruza ndi umboni wa munthu wosadziwika, chifukwa mboni iyenera kudziwika ndi kutsimikizika kuti ndi yolungama, ndipo woimbidwa mlandu ali ndi ufulu woitsutsa. Kalata yopanda dzina ndi khabar chabe. Surat al-Hujurat, ayah 6, ikulamula kuti uthenga wochokera kwa munthu wokayikitsa ufufuzidwe tisanapweteke anthu mosadziwa. Ayah imeneyi sikunena kuti uthengawo utayidwe, ndiponso sikunena kuti ukhulupiriridwe. Ntchito ya kalata yotere ndi kutsekula kafukufuku. Chigamulo chimachokera ku mabuku a ndalama, malisiti, mapepala a mayeso ndi mboni zodziwika.

Mbiri ikutipatsa chitsanzo. Anthu ena a ku Kufa atadandaula za bwanamkubwa wawo Sa'd ibn Abi Waqqas, Khalifa Umar (Allah asangalale nawo onse) sadanene kuti swahaba wamkulu chotero sangafufuzidwe. Adatuma ofufuza amene adayenda mzikiti ndi mzikiti kufunsa anthu. Pafupifupi onse adamuyamikira Sa'd. Umar adamuchotsabe pa udindo, koma pambuyo pake adanenetsa kuti sichinali chifukwa cha kulephera kapena chinyengo. Dandaulo lidamvedwa, ndipo ulemu wa wodandaulidwayo udasungidwa.

Kunena mobisa kungathenso kuononga. Mu February 2011 Dr Blessings Chinsinga wa pa Chancellor College adaitanidwa ndi mkulu wa apolisi Peter Mukhito chifukwa cha chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi adanyanyala ntchito ponena kuti m'makalasi muli akazitape, ndipo maphunziro adasokonezeka kwa miyezi yambiri. Apa panalibe chuma chobedwa kapena wophunzira woponderezedwa. Kutenga mawu a munthu n'kukawatula kwa olamula kuti apwetekedwe ndiyo namima, ndipo kufufuza zinsinsi za anthu n'koletsedwa mu ayah 12 ya Surat al-Hujurat.

Malamulo a dziko lathu ali pafupi ndi mfundo zimenezi. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995, limene lidakhazikitsa ACB, lidaonjezeredwa ndime 51A mu 2004. Ndimeyi imateteza dzina la woulula ndipo imaika chilango kwa womuzunza chifukwa choulula. Palinso ofesi ya Ombudsman yolandira madandaulo a kusayendetsa bwino ntchito za boma, ndiponso apolisi pa milandu yogwiririra ndi kuopseza.

Amene watsimikiza zolemba asunge zinthu izi. Ayeretse niya: ngati chomukankha ndi nsanje, kusankhana mitundu kapena kulimbirana mpando, aime kaye. Alembe zimene waona yekha, tsiku lake, malo ake ndi pamene umboni ungapezeke, ndipo zimene wangomva azitchule kuti wangomva. Asaonjezere kanthu, asalowetsemo banja la munthuyo kapena machimo ake amseri osakhudza ntchito. Pa nkhani za chiwerewere asamale kwambiri, pakuti Surat al-Nur, ayah 4, ikufuna mboni 4 kwa wonamizira wina zina. Wophunzira wovutitsidwa afotokoze zimene wauzidwa ndi zimene wachitiridwa, ndipo uku ndi kudandaula kwa woponderezedwa komwe kuli kololedwa. Akapereke ku ofesi yoyenera, osati pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, kumene munthu amaweruzidwa asanamvedwe. Ndipo ngati mlandu waima pa umboni wake yekha, chitetezo chilipo, akumbukire kuti Surat al-Baqara, ayah 283, ikuletsa kubisa umboni.

Kwa akuluakulu a mayunivesite tikuti: wakutsina khutu ndi mnansi. Musataye nthawi kusaka amene walemba. Fufuzani zimene zalembedwa, ndipo mpatseni wotchulidwayo mpata woyankha. Kwa aphunzitsi a m'madrasa, phunzitsani mutu wa ghiba pamodzi ndi malo amene kuyankhula kuli kololedwa, kuti ana athu asamayese kukhala chete nthawi zonse ndiko kuopa Allah. Wolemba kalata angabise dzina kwa anthu, koma kwa Allah kalatayo ili ndi dzina, ndipo adzafunsidwa za liwu lililonse.

Allah ndiye Wodziwa koposa.