Opaleshoni ichitikire kutali, chilonda chidzapolera kumudzi

Masabata apitawa tidaitanidwa kukakhala nawo pa zokambirana za banja lina kufupi ndi boma la Ntcheu. Nkhani idali ya mayi wa pakhomopo, amene kwa zaka zambiri akhala akupikula mbatatesi ku Tsangano ndi ku Lizulu, ndipo ana awo onse adaphunzira ndi ndalama za geni imeneyi. Thupi lawakulira mayiwa moti mawondo akukana, usiku amabanika kutulo, ndipo buku lawo lakuchipatala ladzaza ndi matenda awiri: shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Mwana wawo wachisamba, yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg, adayankhula pafoni. “Amayi, bwerani kuno adzakuchepetseni chifu. Ndalama tisonkha ife ana anu.” Atsibweni a anawo adapukusa mutu. “Mlongo wangayu mukapita naye kutali n'kubwera naye atang'ambidwa, akadzadwalika pakati pa usiku ine ndidzathamangira kuti?”

Onse awiri amawakonda mayiwa, ndipo aliyense adali ndi mfundo yomveka. N'chifukwa chake lero tafuna tilingalire limodzi, okondedwa awerengi, pakuti funso limeneli layamba kugogoda m'makomo ambiri.

Ife tidakula tikumva kuti kunenepa ndi mtendere. Mkazi akanenepa pabanja timati bambo akusamala, mwamuna akatulutsa mimba timati ndalama zayamba kumuyanja. M'zaka zimene Edzi idavuta, mankhwala otalikitsa moyo asadayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004, munthu woonda ankalozedwa chala, ndipo ambiri tidayamba kuona thupi lalikulu ngati umboni woti tili bwino. Koma zinthu zasintha. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 49 adali olemera mopitirira muyeso, pamene ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Kunenepa ndi kunyentchera zikugona m'mudzi umodzi, mwinanso m'nyumba imodzi. Nalo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2022 munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse padziko lapansi adali wonenepa kwambiri.

Kodi opaleshoni imene ankanena mnyamata uja ndi yotani? Pali njira ziwiri zodziwika. Yoyamba, madokotala amadula ndi kuchotsa mbali yaikulu ya chifu, pafupifupi magawo atatu kapena anayi mwa asanu, n'kusiya kathumba kowonda kooneka ngati nthochi. Yachiwiri, imene adaiyamba dokotala wa ku America Edward Mason cha m'ma 1966, amapanga kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo, kuti chakudya chizilambalala mbali ina ya njira yake. Munthu amakhuta msanga, njala imachepa, ndipo kwa ambiri shuga amatsika mpaka ena kusiya kubaya jakisoni. M'zipatala zimene zimachita ntchitoyi kawirikawiri, imfa ndi zochepa kwambiri. Tisanamizane: kwa munthu woyenera, opaleshoniyi imatalikitsa moyo.

Woyenerayo amadziwika ndi muyeso wotchedwa BMI, umene umayerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Munthu wotalika mamita 1.6 akamalemera makilogalamu 77, muyeso wake ndi 30, ndipo pamenepo ndiye poyambira kunenepa kodetsa nkhawa. Akafika makilogalamu 90, muyeso ndi 35. Malangizo a akadaulo a ntchitoyi a mu 2022 amati opaleshoni iganiziridwe kuyambira pa 35, kapena pa 30 ngati munthu ali ndi matenda monga shuga amene akukanika ndi mankhwala. Tisaisokoneze ndi kupopa mafuta a pamimba, kumene cholinga chake n'kukongoletsa thupi basi. Stella Obasanjo, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la Nigeria panthawiyo, adamwalira mu October 2005 ku Spain atapopedwa mafuta pachipatala china cha anthu olemera, ndipo mu 2009 khoti lidapeza dokotala wake wolakwa. Ndalama zidalipo, ndege idalipo, koma mtunda wautali sudamugulire chitetezo.

Chifukwa chimene maso a Mmalawi amalozera ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku India n'chomveka. Opaleshoni yotere imafuna dokotala woizolowera, zipangizo zogwirira ntchito m'mimba kudzera pa timabowo ting'onoting'ono, chipinda cha odwala mwakayakaya, ndi katswiri wa kadyedwe. Zimenezi sizipezeka pachipatala cha paboma. Komanso tili ndi chizolowezi chakale chokhulupirira kuti mankhwala enieni ali kutsidya. Ngakhale Ngwazi Dr. Kamuzu Banda adatsikira kuli chete mu November 1997 ali pachipatala cha ku Johannesburg, ndipo boma lakhala likutumiza odwala ena ku India kwa zaka zambiri.

Koma walira mvula walira matope. Chipatala chakunja chimafuna madola kapena marandi, pamene ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Mtengo wolembedwa pa intaneti kawirikawiri umakhala wa opaleshoni yokha. Pamwamba pake pamabwera ulendo wa anthu awiri, pakuti wodwala sayenda wopanda womudwazika, malo ogona kwa masabata angapo, chakudya, ndi ndalama yapadera ngati pachitika zovuta n'kugonekedwa masiku owonjezera. Banja likagulitsa ng'ombe, dimba kapena nyumba kuti lilipire zonsezi, wodwala amabwerera pakhomo popanda pogwira, nthawi imene akufunika chisamaliro chochuluka kuposa kale.

Apa ndiye pagona nkhani. Opaleshoni imatenga ola limodzi kapena awiri, koma zotsatira zake munthu amakhala nazo moyo wake wonse, ndipo moyo umenewo adzaukhalira ku Ntcheu. Vuto loopsa kwambiri ndi kudontha kwa pamene adasoka chifu, kumene kumaonekera m'masiku kapena masabata oyambirira: mtima kugunda mothamanga, kutentha thupi, kupweteka kwa m'mimba kapena kwa phewa. Wotere amafunika kujambulidwa ndi kuonedwa ndi dokotala wa maopaleshoni tsiku lomwelo. Vuto lina ndi kuundana kwa magazi m'miyendo, kumene kumakula munthu akakhala pansi nthawi yaitali. Taganizirani wodwala wa chilonda chachiwisi ali m'basi yochokera ku Joni kudzera ku Beitbridge, Harare, Tete ndi Mwanza, kapena m'ndege yochokera ku Mumbai yodikirira ina ku Addis Ababa. Akafika kumudzi ku Ganya kapena ku Kasinje n'kudwalika, ayamba wapeza galimoto yopita kuboma, kenaka maola ena awiri kapena atatu pamsewu wa M1 kuti akafike ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko akakumana ndi dokotala amene sadaone m'mimbamo pamene ankadula, ndipo ngati wodwala sadabwere ndi makalata olongosola zimene zidachitika, dokotalayo ayamba ntchito ali mumdima.

Nanga kudya? Masabata oyamba munthu amangomwa zamadzimadzi, kenaka zofewa ngati phala, pang'onopang'ono. Chifu chatsopanocho chimadzaza ndi chakudya chosakwana kapu imodzi. Kwathu kuno mlendo akabweza mtanda wa nsima timati wanyoza pakhomo. Paukwati, pamaliro, pa Umhlangano wa Angoni kwa Nkolimbo, nyama imakhala mbwee, ndipo wodya pang'ono amafunsidwa ngati akudwala. Wochitidwa opaleshoniyi ayenera kumwa mavitamini, ayironi ndi kashiyamu moyo wake wonse, ena kubayitsa jakisoni wa vitamini B12, ndi kuyezetsa magazi chaka ndi chaka. Akalekeza, magazi amachepa, mafupa amafooka, miyendo imachita dzanzi. Mayi wobereka amalangizidwa kusatenga pathupi kwa chaka chimodzi mpaka chaka ndi theka. Zonsezi sizichitikira m'chipatala chonyezimira chija. Zimachitikira m'khitchini mwathu, pamafuwa athu, m'thumba mwathu.

Tisapeputsenso zimene tili nazo. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira mu 2021 ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences. Chipatala cha maopaleshoni a ana cha Mercy James chidatsegulidwa mu 2017, ndipo ku Lilongwe kuli tsopano chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Odwala khansa amene kale ankayenera kuwoloka malire kuti akawotchedwe chotupa ndi makina ayamba kuthandizidwa m'dziko momwe muno. Izi zikutiphunzitsa kuti chimene lero chili cha kunja, mawa chikhoza kukhala chathu, tikaumirira kuti ndalama zimene zimathera m'maulendo zizimangiranso zipatala ndi kuphunzitsira ana athu.

Ndipo pali thandizo loyambira pafupi. Madokotala amavomerezana kuti munthu akangotaya makilogalamu asanu kapena khumi mwa 100 alionse a thupi lake, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayamba kutsika. Kuchepetsa zakumwa zotsekemera, tchipisi ta pachiwaya ndi shuga wa mu tiyi, kubwerera ku mgaiwa, nyemba ndi masamba, kuyenda ndawala tsiku ndi tsiku, kumwa mankhwala mokhulupirika ndi kusaphonya tsiku la sikelo ya odwala shuga: izi sizilowa m'malo mwa opaleshoni kwa woifunikiradi, koma ngakhale chipatala chabwino chakunja chidzafuna kuona kuti wodwala waziyamba chisadamugoneke patebulo.

Safunsa adadya phula. Banja loganiza zopita kunja liyambe lakhala pansi ndi dokotala wa konkuno amene amamudziwa wodwalayo. Lifunse chipatala chakunjacho, ndipo mayankho akhale olembedwa: dokotalayo wachitapo maopaleshoni otere angati? Pakachitika zovuta, adzalipire ndani? Wodwala akhale komweko masiku angati asadakwere ndege? Ndipo koposa zonse, kodi alipo dokotala ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene wavomera kudzamulandira akabwerako? Chipatala chimene chikuthamangira kulandira ndalama chisadafunse za mtima, mapapo ndi maganizo a wodwala, chimenecho n'chikomekome cha mkuyu.

Ife a m'mipingo timadziwa kusonkha. Mbale ikayenda kuti m'bale akalandire thandizo kunja, timapereka ndi mtima wonse, n'kukamuperekeza kudepoti ndi mapemphero. Koma udindo waukulu umayamba tsiku lobwerako. Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, ndi ife a m'miphakati, tidzakhalepo mwezi wachisanu ndi chimodzi, pamene mavitamini atha ndipo chidwi cha anthu chazirala. Tilekenso kuseka onenepa ngati kuti ndi osusuka chabe. Kunenepa kotere ndi matenda, ndipo wonyozedwa amabisala m'nyumba m'malo mopita kuchipatala.

Banja lija silidagulitse dimba tsiku limenelo. Adagwirizana kuti mayi ayambe akaonana ndi dokotala ku Lilongwe, mnyamata wa ku Joni atumize mayankho olembedwa, ndipo mwana wamkazi amene amakhala nawo pakhomo asinthe kaphikidwe ka banja lonse, kuti mayi asamadye zawozawo ngati wolangidwa. Potsanzikana, atsibweni aja adati: “Dokotala akanena kuti apite, ine ndemwe ndidzawanyamulira chikwama. Koma ndidziwiretu khomo lodzagogoda tikabwerako.”