Mulu wa mafomu si kafukufuku

Mwezi wathawu mnyamata wina amene akuchita digiri yachiwiri ya saikoloji anandibweretsera lipoti lake kuti ndimuonereko. Ankafufuza za matenda a nkhawa ku Mtandire, ndipo zimene anapeza zinali zoopsa: pafupifupi aliyense amene anamufunsa ankaoneka wodwala. Ndinamufunsa kuti ankapita nthawi yanji. Anati chakum'mawa dzuwa litakwera, m'kati mwa sabata.

Nthawi imeneyo mumapeza ndani pakhomo ku Mtandire? Amayi oyamwitsa, agogo, odwala ndi amene ganyu wawasowa tsikulo. Akabaza ali pamsewu, antchito za m'nyumba anawolokera kale ku Area 47, alonda ali mtulo chitseko chotseka. Iye analawa ndiwo pamwamba osatakasa, n'kulengeza kuti mphika wonse ulibe mchere. Ife timati sampling, kutanthauza kasankhidwe ka anthu ofunsidwa. Pakalakwika pamenepa, palibe kompyuta imene ingakonze.

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi ya saikoloji amakonda kunena kuti, "Ndiye mukudziwa zimene ndikuganiza?" Zimenezo ndimangoseka. Bodza limene limandiwawa ndi lina, lofala pakati pa ophunzira omwe: lakuti kafukufuku ndi kusindikiza mafomu, kuwadzazitsa, kuthira manambala mu pologalamu ya pakompyuta ya SPSS n'kudikira peresenti. Ayi ndithu. Zaka zimene munthu amathera pa digiri yachiwiri n'zophunzira kukayikira manambala ake omwe.

Taganizani. Mlendo wovala bwino wafika ndi cholembera, akufunsa dzina, zaka ndi chiwerengero cha ana. M'makwalala athu muno munthu wotere amaoneka ngati wolemba mayina a Mtukula Pakhomo. Akafunsa ngati mumasowa tulo, mungayankhe kuti mumagona bwino? Amenewo si mabodza, ndi nzeru za munthu amene akusaka chakudya cha ana. Wofufuza wophunzitsidwa amanena poyambirira, ndipo amabwerezanso, kuti sanabwere ndi thandizo lililonse.

Ndiye pali fomuyo. Mnyamatayu anagwiritsa ntchito SRQ-20, mafunso 20 a bungwe la World Health Organization oyankha inde kapena ayi. Ndi chida chabwino, ndipo Robert Stewart ndi anzake anachiyesa m'Chichewa kwa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, zotsatira zake n'kutuluka mu 2009. Iwo anayerekeza mayankho a pafomu ndi zimene katswiri anapeza atacheza ndi amayiwo, kuti adziwe pomwe fomuyo imalondola ndi pomwe imaphonya. Ntchito imeneyi timaitcha validation. Koma ena mwa mafunsowo ndi a litsipa, kutopa, kusowa chilakolako cha chakudya ndi kuvuta kwa m'mimba. Munthu wa malungo kapena wogona ndi njala ayankha inde kangapo. Fomuyi imangoloza amene akufunika kuonedwa ndi dokotala, siyipeza matenda. Kulemba kuti "odwala" pamenepa n'kunamizira dera lonse, ndipo a ku Mtandire anamiziridwa zokwanira kale.

Kafukufuku weniweni amaoneka ngati wa Dixon Chibanda ku Harare. Iye anaphunzitsa agogo kucheza ndi anthu a nkhawa pa mabenchi a kuchipatala, pologalamu yotchedwa Friendship Bench. Sanangofunsa anthuwo ngati akumva bwino. Anachita maere pa zipatala 24, zina zopereka uphungu wa pabenchi, zina thandizo la masiku onse, n'kuyerekeza magulu awiriwo patatha miyezi 6. Zotsatira zinatuluka mu 2016. Popanda gulu loyerekezera simungadziwe ngati wachiritsa ndi benchi kapena nthawi chabe.

Musaganize kuti vuto la kafukufuku wosadalirika ndi la kuno kokha. Mu 2015 akatswiri anabwereza kafukufuku 100 wa saikoloji wofalitsidwa m'magazini otchuka a kunja, ndipo amene anaperekanso zotsatira zomwezo sanakwane theka.

Kwa ofuna maphunzirowa, kaya ku University of Malawi ku Zomba, ku Kamuzu University of Health Sciences kapena kunja, ndinganene mwachidule: musanalipire fizi funsani amene adzakuyang'anireni, ndipo masamu musawathawe. Mwina si onse angagwirizane nane, koma kucheza mozama ndi anthu ochepa kumaposa mafomu mazana odzaza mothamanga.

Inu a ku Mtandire, Chinsapo kapena Mgona, wofufuza akagogoda mufunseni kalata ya chilolezo yochokera ku komiti yoona za kafukufuku, monga National Health Sciences Research Committee. Afotokoze komwe mayankho anu akupita ndi amene adzawaone. Muli ndi ufulu wokana, ngakhale mafunso ali pakati. Akalephera kufotokoza zimenezi m'Chichewa chomveka, musasaine.