Mmene mapulogalamu aulere amafikira m'kompyuta yanu

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kutumiza kwaulere zokonza za chitetezo cha Windows 10. Makompyuta akale, monga akaunjika omwe ophunzira a ku Manje ndi Bangwe amalembera ntchito zawo, ambiri sangalandire Windows 11. Njira imodzi yowatalikitsira moyo ndi kuikamo Linux, yomwe salipiritsa.

Linux siyichokera ku kampani imodzi. Ndi mapulogalamu zikwizikwi olembedwa ndi anthu osadziwana, ndipo malemba ake ali poyera kuti aliyense awerenge, asinthe ndi kugawa. Koma malembawo ali ngati chimanga cha m'nkhokwe: pafunika wina achikonole asanadye munthu. Ntchitoyi ndi ya omanga maphukusi. Iwo amatenga malembawo, kuwasandutsa pulogalamu yoti makina ayendetse, kulemba mndandanda wa mapulogalamu ena omwe iyo imadalira, kenako phukusilo limaikidwa m'nkhokwe ya pa intaneti yokhala ndi chidindo cha chitetezo. Debian, yomwe Ian Murdock adayambitsa mu 1993, imagwiritsa ntchito maphukusi a .deb. Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa adatulutsa mu 2004, idatengera zomwezo. Fedora yake ndi .rpm.

Chiyankhulo chathu chidadutsa njira yomweyi. Katswiri wa makompyuta wa kuno kwathu Edmond Kachale, pamodzi ndi Kevin Scannell wa ku Saint Louis University, adakonza chida choona kalembedwe ka mawu a Chichewa. Anthu a Fedora adachimanga kukhala phukusi lotchedwa hunspell-ny. Zilembo ziwiri zomalizazo zikuimira Chinyanja. Kamba ka phukusili, wolemba kalata m'Chichewa safunika kudziwa komwe mndandanda wa mawuwo udachokera. Amangolamula kamodzi, makina n'kutenga okha zonse zofunika.

Ndi apa pomwe njirayi ikuposa chizolowezi chopatsirana mapulogalamu pa fulashi. Pulogalamu ya pa fulashi sadziwika yemwe adaigwirapo, ndipo sikonzedwanso. Phukusi la m'nkhokwe makina amayamba aona chidindo chake, ndipo cholakwika chikapezeka zokonza zimabwera njira yomweyo. Zimadya bandulo ndithu, nkhani yosapeputsa m'makomboni muno.

Chidindo sichitseka mipata yonse. Mu Malichi 2024 Andres Freund adatulukira kuti munthu wina, atakhulupiriridwa kwa zaka ngati wothandiza, adabisa khomo lachinsinsi mu XZ Utils, kapulogalamu kopanikiza mafayilo. Kadali katalowa kale m'nkhokwe zoyesera za Debian ndi Fedora, koma kadagwidwa kasadafike kwa anthu ambiri.

Vuto lina n'losamveka phokoso. Omanga maphukusi ambiri ndi ongodzipereka, ndipo phukusi likasowa wolisamala limatchedwa lamasiye, mwina n'kuchotsedwa m'nkhokwe. Maphukusi a ziyankhulo ngati Chichewa ali pachiopsezo chotere kuposa ena, poti kawirikawiri wowasamala sayankhula n'komwe chiyankhulocho.