Zimene Kwaya Iyenera Kudziwa Isanayambe Kuyesa Pulogalamu Yojambulira Nyimbo

Zaka za m'mbuyomu, kwaya ya kumudzi ikafuna kutulutsa chimbale inkasonkha ndalama miyezi ingapo, n'kubwereka lole, kunyamula ng'oma ndi kamba wa panjira, ulendo wa ku situdiyo za ku Lilongwe kapena ku Balaka, kumene a Paul Banda a gulu la Alleluya Band anatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe. Masiku ano zipangizo zambiri zimene zinkadzaza chipinda chonse zija zinalowa m'pulogalamu imodzi ya pakompyuta. N'chifukwa chake m'maparishi athu a ku Dowa ndi ku Ntchisi, monga Mpherere, Nanthomba, Mtengowanthenga, Mponela ndi Madisi, sizikudabwitsanso kumva wachinyamata wa m'kwaya akuuza akuluakulu a komiti kuti angathe kujambula okha, popeza pulogalamu yake ndi yaulere.

Mawu akuti "yaulere" ndi amene afunika kuwamvetsa bwino. Mapulogalamu ambiri otchuka ojambulira nyimbo ndi amalonda. Eni ake amangolola munthu kuwayesa kaye, monga momwe wogulitsa njinga amakulolera kuipalasa pang'ono usanamasule mpango wa ndalama. Nthawi yoyeserayi ili ndi malire, ndipo malirewo amasiyana malinga ndi pulogalamu. Kwaya imene yayamba ntchito isanawadziwe ikhoza kuimba milungu itatu mpaka mawu kusasa, kenaka n'kupeza kuti zimene inajambula sizikutsekukanso.

Tiyambe ndi FL Studio, imene anyamata ambiri amaitchabe Fruity Loops, dzina lake lakale. Imapangidwa ndi kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Yoyesera yake ilibe masiku owerengeka: ungakhale nayo chaka chonse. Imalolanso kusunga ntchito ndi kutulutsa nyimbo yomalizidwa ngati WAV kapena MP3. Koma ntchito imene wasunga sungaitsekulenso kufikira utagula. Ukatseka kompyuta madzulo ano, mawa sungabwererenso kukakonza pamene a besi analakwitsa. Kuno kwathu, kumene magetsi amatha kuzima pakati pa ntchito, malire amenewa ndi owawa kuposa momwe amamvekera. Dziwaninso kuti mtundu wake wotsika mtengo kwambiri, wotchedwa Fruity Edition, sujambula mawu kudzera m'maikolofoni, choncho kwaya yogula umenewo yataya ndalama.

Ableton Live, ya ku Berlin m'dziko la Germany, imapereka masiku 30 ogwiritsa ntchito zonse, ndipo masikuwo akatha kusunga ndi kutulutsa nyimbo kumatsekedwa. REAPER, ya kampani ya Cockos ya ku America, imene inatuluka mu 2006, imapereka masiku 60 popanda kubisa kanthu kalikonse. Masikuwo akatha pulogalamuyi sizima, imangokumbutsa nthawi zonse ukaitsekula kuti nthawi yogula yakwana. Eni ake anasankha kukhulupirira anthu, ndipo mkhristu sayenera kuyesa kukhulupiriridwa koteroko ngati chilolezo chosalipira. Ubwino wina wa REAPER ndi kuchepa kwake: siposa mamegabaiti makumi owerengeka, moti ngakhale ndi bandulo yaing'ono ya lamya munthu amaitsitsa, ndiponso imayenda pa laputopu yakale. Palinso Audacity, imene inatuluka m'chaka cha 2000 ndipo ndi yaulere zenizeni mpaka kale. Imajambula mawu, kudula ndi kuphatikiza bwinobwino, ngakhale ili yosauka pa zoimbira za m'kompyuta.

Popeza masiku ndi owerengeka, tsiku loika pulogalamu m'kompyuta lisankhidwe ndi kalendala m'manja. Kuyamba mu Disembala kapena Januwale n'kudzivutitsa: mvula ikamagunda pamalata, maikolofoni imamva mvulayo kuposa oimba, ndipo anthu ali kumunda, kupalira ndi kubandira. Nyengo ya Lenti ndi Sabata Loyera kwaya imatanganidwa ndi ntchito yake yeniyeni, imene siyenera kusiyidwa chifukwa cha chimbale. Nthawi yabwino ndi Pasaka akapita, m'miyezi ya Meyi ndi Juni. Mvula yaleka, zokolola zalowa m'nkhokwe, ndipo masiku 60 amatha pamene alimi a fodya, soya ndi mtedza agulitsako, kotero kuti ngati kwaya yaganiza zogula, akhristu ali ndi kangachepe kosonkha. Chenjezo lokha n'lakuti m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi kumazizira m'miyezi imeneyi. Oimba asayambe kujambula asanamwe madzi ofunda ndi kutenthetsa mawu.

Tsikulo lisanafike, zonse zikhale pamalo. Nyimbo zikhale zitaphunziridwa mpaka kuloweza, mawu ake ataonetsedwa kwa bambo mfumu, ndipo wopeka nyimboyo atavomera kuti ijambulidwe, pakuti lamulo la dziko lino la 2016 loteteza zopekapeka limamupatsa umwini, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira zimenezi. Maikolofoni, mahedifoni ndi kabokosi kolumikizira maikolofoni ku kompyuta, kotchedwa audio interface, zikhale zitabwerekedwa kale. Kuwononga masiku khumi oyesera kudikira chingwe chochokera ku Lilongwe n'kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi yonse ya Ableton Live.

Munthu akatsekula pulogalamu yachilendo koyamba, maso amachita chidima. Mabatani ndi mazanamazana, onse m'Chingerezi, ndipo paliponse pali kanthu kokopa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ambiri amathera mlungu woyamba akumvetsera ng'oma ndi malipenga a m'kompyuta, osajambula ngakhale mzere umodzi. Chowonadi n'chakuti mapulogalamu onsewa, ngakhale nkhope zawo zisiyane, amagwira ntchito mofanana. Pali mizere yopingasa, mzere uliwonse wa liwu lake: wa sopulano, wa alito, wa tena, wa besi, wa ng'oma, wa kiyibodi. Nthawi imayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kwinakwake pali thebulo losakanizira, pamene mzere uliwonse uli ndi chokwezera ndi chotsitsira chake. Wophunzira adziwe kutsegula mzere watsopano, kuuza mzerewo maikolofoni imene umvere, kujambula, kudula pamene palakwika, kusunga, ndi kutulutsa. Mu REAPER, Ctrl ndi T amatsegula mzere, Ctrl ndi R amayamba kujambula, batani lalitali la m'munsi limayendetsa ndi kuimitsa, S amadula, Ctrl ndi S amasunga, ndipo Ctrl ndi Z amabweza chimene walakwitsa. Zimenezi zilembedwe papepala ndi kumatidwa pakhoma. Zina zonse zidikire.

Vuto limene limagwetsa ulesi oyamba kumene ndi kuchedwa kwa mawu. Woimba amatulutsa liwu, koma m'mahedifoni amalimva mochedwa pang'ono, ngati munthu wofuula m'chigwa, ndipo posakhalitsa amasokonezeka. Ambiri amaganiza kuti pulogalamuyo ndi yoipa n'kuichotsa. Chimene chimachitika n'chakuti kompyuta sitenga mawu mosalekeza. Imawatunga pang'onopang'ono m'kachidebe kotchedwa buffer, kakadzaza n'kutumiza. Pa sekondi iliyonse imayeza mawu ka 44,100. Kachidebe ka 1024 kamatenga pafupifupi magawo 23 mwa magawo 1,000 a sekondi kuti kadzaze, pamene ka 256 kamatenga magawo 6 okha. Choncho pojambula sankhani 128 kapena 256, ndipo posakaniza, pamene palibe woimba, bwererani ku 1024 kuti kompyuta isatope. Pa kompyuta ya Windows, kabokosi kaja kamabwera ndi kapulogalamu kake kotchedwa ASIO, kamene kayenera kuikidwa ndi kusankhidwa m'pulogalamu yojambulira. Ichi chikhazikitsidwe tsiku loyamba, kwaya isanaitanidwe. Kusonkhanitsa amayi ndi abambo makumi anayi, ena atayenda mtunda wautali kuchokera kumiphakati, kuti adzaone mnyamata akulimbana ndi chingwe, n'kuwalakwira.

Mlungu woyamba usanathe, jambulani nyimbo imodzi yaifupi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale ndi anthu anayi okha, mmodzi pa liwu lililonse. Itulutseni, muiike m'lamya, muimvetsere pa wailesi ya m'nyumba ndi pa sipika ya m'tchalitchi. Idzamveka mopanda ulemerero, koma mudzakhala mutadutsa njira yonse, ndipo pamene pali dzenje mudzapadziwa nthawi ikadalipo. Nyimbo khumi zoyambidwa n'kusiyidwa pakati siziphunzitsa zimene nyimbo imodzi yomalizidwa imaphunzitsa.

Za malo ojambulira, pulogalamu ilibe mphamvu. Matchalitchi athu ambiri ndi a simenti pansi ndi malata pamwamba, ndipo mawu amabwerera kuchokera kumakoma onse. Kubwerera kwa mawu kumeneku ukhoza kukuwonjezera m'kompyuta ngati ukukufuna, koma kukalowa m'zojambula n'kovuta kukuchotsa. Chipinda chaching'ono chimene mwayalamo mphasa ndi kupachikamo mabulangete chimaposa tchalitchi lalikulu. Dzuwa likatentha malata amathetheka, choncho m'mawa kapena madzulo ndi bwino. Amene ali pafupi ndi msewu wa M1, ku Mponela ndi ku Madisi, adzalimbana ndi malole. Ena adzalimbana ndi chigayo, njinga zamoto ndi atambala. Mukamva kulira kosalekeza konga kwa njuchi, zulani chingwe cha magetsi pa laputopu mujambule ndi batire, pakuti nthawi zambiri phokosolo limachokera ku chaja kapena ku inveta ya sola.

Pa mzere uliwonse pali kamuyeso kokwera ndi kutsika, ndipo pamwamba pake pali 0. Mawu akagunda pamenepo, kamuyeso kamafiira ndipo mawuwo amang'ambika, osakonzekanso. Muuze kwaya iimbe pamene nyimbo imakwera kwambiri, nimutsitse mphamvu ya maikolofoni kufikira kamuyeso kakuthera pakati pa -12 ndi -6. Mawu otsika amakwezeka pambuyo pake.

Pano ndinenepo maganizo anga. Zimbale zambiri za makwaya zimamveka ngati za kwaya imodzi, chifukwa onse amatenga ng'oma zomwezo za m'kiyibodi n'kusanjikapo mawu. Chonsecho Lamulungu lililonse m'matchalitchi athu mumalira ng'oma zachikopa ndi zisekese zimene mayendedwe ake kompyuta singawatsanzire. M'masiku oyesera, patulani tsiku limodzi lojambula ng'oma yeniyeni ndi woimba wake. Mukafanizira ziwirizo, makutu anu adzaweruza okha.

Tsopano chinthu chachikulu pa zonse. Fayilo imene pulogalamu imasunga, monga .flp ya FL Studio kapena .rpp ya REAPER, si nyimbo ayi. Ndi ndondomeko chabe youza pulogalamuyo kuti liwu lakuti liyambire apa, lakuti likwere chonchi, ndipo pulogalamu ina siiwerenga. Chimene chimatsekuka paliponse ndi WAV. Choncho masiku asanathe, ndipo kwa ogwiritsa FL Studio yoyesera tsiku lomwelo asanatseke kompyuta, tulutsani mzere uliwonse paokha ngati WAV: sopulano payekha, alito payekha, ng'oma payokha. Yonse iyambire pa chiyambi penipeni pa nyimbo, ngakhale liwulo limalowa pakati, kuti wodzaitsekula kwina angoindanda n'kugwirizana yokha. Mu FL Studio chosankha chake chimatchedwa Split mixer tracks; mu REAPER chili pa Render, pa mawu akuti stems. Mukatero, mawu a kwaya ali m'manja mwanu. Mungawatsekule mu Audacity, kapena kuwatengera ku situdiyo kuti katswiri akangosakaniza, zimene n'zotsika mtengo kuposa kunyamula kwaya yonse. Akatswiri oterowo sali ku Lilongwe kokha: ku Dzaleka, kumene chikondwerero cha Tumaini chinayambira mu 2014, kuli achinyamata aluso pa zojambula nyimbo.

Mafayilowa ndi olemera. Mzere umodzi wojambulidwa pa 24 bit umadya pafupifupi mamegabaiti 8 pa mphindi, choncho nyimbo ya mphindi 5 ya mizere 8 imafika pa mamegabaiti 320. Gulani fulashi yokwanira, ndipo makope akhale awiri, limodzi kwa mlembi wa kwaya, lina ku ofesi ya parishi. Musawatumizirane ngati mawu a pa WhatsApp, chifukwa amafinyidwa n'kutaya ukoma.

Masiku akamatha, komiti ikhale pansi. REAPER imagulitsidwa madola 60 kwa munthu wamba, sukulu kapena bungwe losachita malonda, ndi madola 225 kwa amalonda akuluakulu. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2024, wa pafupifupi K1,750 pa dola, madola 60 anali kupitirira K100,000, ndipo kulipira kwake kumafuna khadi ya banki yololedwa kugulira kunja, chinthu chimene chakhala chovuta chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Kwaya imene singakwanitse ibwerere ku Audacity popanda manyazi. Padzapezeka wina wonena kuti ali ndi pulogalamu "yothyola" pa fulashi. Kumeneko n'kutenga chamwini, zosayenera nyimbo zotamanda Mulungu, ndiponso mafayilo oterewa kawirikawiri amabwera ndi mavairasi amene angawononge ntchito yonse pamodzi ndi makalata ena a m'kompyutamo.

Ngati mwagula, chiphaso chake chimatumizidwa pa imelo. Imeloyo ikhale ya kwaya kapena ya parishi, ndipo anthu osachepera awiri aphunzire pulogalamuyo pamodzi kuyambira tsiku loyamba. Achinyamata athu amasamuka: wina apita kusukulu, wina kukwatira, wina ku Johannesburg kukafuna ntchito, ndipo laputopu imapita ndi mwini wake.